Akungotulutsa mndandanda wa zipangizo pa kompyuta, ndi ntchito yopita patsogolo imeneyi?

Mayi wina wandilembera za mwana wawo wamkazi amene ali pa atachimenti pa kampani ya zomangamanga. Akuti tsiku lililonse amangomupatsa makotesheni omwe makasitomala avomera kuti atulutsemo mndandanda wa zipangizo zoti zigulidwe, ndiye mwanayo wayamba kunyinyirika kuti ndi ntchito yongodina mabatani, ndipo mayiwo akufunsa ngati angamuuze kuti asake malo ena.

Mayi, musamuchotse kaye. Zoti ndi ntchito yodina mabatani sakunama kwenikweni, koma waona theka lake lokha. Mapulogalamu ambiri amaofesi amachita zambiri okha masiku ano. Mu Odoo mwachitsanzo, kotesheni ikangotsimikizidwa imasanduka oda ya kasitomala, ndipo ngati anaikonza bwino imatha kuyambitsa pempho logula zinthu zomwe mu sitoko ya kampani mulibe. QuickBooks nayo, pa mapulani ake ena, imalola kukopera zinthu za mu kotesheni kupita pa oda yogulira. Nde munthu akhoza kuganiza kuti makina atha kale ntchito yonse. Vuto ndi loti kotesheni amailembera kasitomala, pomwe mndandanda wa zipangizo amaulembera wogulira kampani zinthu ndi mmisiri amene ali ku saiti, ndipo anthu amenewa samawerenga zinthu mofanana.

Ndipereke chitsanzo kuti timvane. Mu kotesheni mwalembedwa mzere umodzi basi, kuika matailosi mu chipinda cha mamita 4 ndi 5. Kasitomala wamva, wasaina. Koma sapulaya sagulitsa chipinda. Mwana wanu ayenera kuona kuti amenewo ndi masikweya mita 20, aonjezere pang'ono chifukwa matailosi ena amasweka ena amadulidwa m'mbali mwa khoma, ambiri amaika 10 pa 100 iliyonse, nde afika 22. Tailosi ya masentimita 60 mbali zonse imakuta masikweya mita 0.36, ndiye akufunika 62, ndipo ngati bokosi limakhala ndi anayi agule mabokosi 16 chifukwa theka la bokosi sakupatsani. Sizinathere pomwepo eti, pali zomatira, pali galauti yothira m'mipata, pali timitanda tija tolekanitsira matailosi, zonsezi mu kotesheni simunatchulidwe koma zikapanda kufika mmisiri amangokhala pansi tsiku lonse kudikira.

Mapaipi ndi chimodzimodzi. Kotesheni ikuti mamita 27, pomwe paipi imabwera yotalika mamita 6, ndiye ndi mapaipi 5 osati 27, komanso ma elibo olumikizira pokhota ndi guluu wake. Ana ambiri amagwa pomwepa, pa miyeso. Pulogalamu ikakhala kuti chinthu chinalowetsedwa ngati mita pomwe sapulaya amagulitsa pa mpukutu, imangotulutsa nambala mosachita manyazi, ndipo wina akhoza kuitanitsa mipukutu 100 ya waya pomwe amafuna mpukutu umodzi wa mamita 100. Kompyuta siikhala ndi chikaiko, chikaikocho chiyenera kuchokera kwa munthu.

China chomwe ndimauza ophunzira anga nthawi zonse ndi nkhani ya kotesheni yoyenera. Kasitomala mmodzi amatha kulandira makotesheni atatu, yoyamba waikana, pa yachiwiri wachotsa bafa, pa yachitatu wasintha mtundu wa penti. Mndandanda uchokere pa yomwe yavomerezedwa yokhayo, ayang'ane nambala yake ndi tsiku lake asanayambe chilichonse. Ndipo ntchito ikayamba kasitomala nkusinthanso maganizo, zosinthazo zilembedwe ndi kuvomerezedwa, osati zongouzana pa foni, apo ayi kampani igula zinthu zomwe palibe amene adzalipire. Asaiwalenso kuona mu sitoko kaye. Kugula matumba a simenti pomwe ena ali mosungira katundu akuuma ndi kutaya ndalama, komanso aone ngati omwe akuoneka mu pulogalamuwo sanasungidwire kale ntchito ina.

Tsono za tsogolo lake, poti ndi zomwe zikukuvutani. Munthu amene wazolowera ntchito imeneyi ali pa khomo la njira zingapo. Akhoza kulowa mbali yogula katundu, komwe satifiketi za CIPS, bungwe la ku Britain, zimadziwika m'maiko ambiri. Akhoza kukhala wowerengera mitengo ya ntchito, amene amalemba makotesheniwo, kapena kupitiriza sukulu nkukhala quantity surveyor, katswiri wowerengera zipangizo ndi ndalama za ntchito yomanga. Ena amakonda pulogalamu yeniyeniyo mpaka amakhala oikira makampani mapulogalamu ngati SAP, Sage kapena Odoo, nawonso amafunidwa ndithu. Ine ndikanakhala iye sindikanathamangira kosi ya pulogalamu imodzi, chifukwa akasintha kampani apeza ina, mabatani ali pena. Ndikanalimbikira Excel, makamaka mafomula ake a SUMIF ndi VLOOKUP, chifukwa ndi zomwe zimathandiza kuphatikiza misomali yomwe yabalalika pa mizere isanu kukhala mzere umodzi, ndikuphunzira kuwerenga pulani ya nyumba. Masamu ake si oopsa, kuchulukitsa, kugawa, ndi maperesenti basi.

Mumuuze sabata ino apemphe amene akumuyang'anira amutenge ku saiti kamodzi, atanyamula mndandanda womwe analemba yekha. Akafunse mmisiri chomwe chinaperewera ndi chomwe chatsala, alembe mu kabuku ndi nambala ya kotesheni yake. Akachita zimenezi pa ntchito zinayi kapena zisanu adzakhala ndi zokamba pa intavyu, ndipo mudzandilembenso mundiuze ngati akunenabe zoti ndi mabatani.