Za kachidutswa ka chotupa kamene apempha kwa mayi anu

Achemwali, pepani ndi matenda a mayi. Mwati asanawachite opaleshoni ya khansa ya m'thumba la mazira, adokotala awapempha kusaina kalata yolola kuti kachidutswa ka chotupacho kapite ku labu akapangireko ma organoid, timipira ta maselo tomeretsedwa m'mbale. Ndiye mukufunsa ngati akukapanga chiwalo china, komanso ngati zimenezi ziwachiritse mayi. Zonse ziwirizo ayi. Ntchito imeneyi ndinaigwirako, ndiye ndikufotokozereni mmene imayendera.

Chotupa akachichotsa, mbali ina imapita kwa oyeza kuti adziwe mtundu wa khansayo. Chotsalacho ndiye amadulako kachidutswa ngati nsonga ya chala, n'kuthamangira nako ku labu kali kozizira. Kumeneko amakaduladula, n'kuthira collagenase kuti maselo alekane. Kenako amawasakaniza ndi Matrigel, chinthu chimene chimachokera ku chotupa cha mbewa. Matrigel ndi wovuta zedi. Pa madigiri 4 amakhala wamadzimadzi, koma akangofunda amagwirana. Umagwira ntchito chubu chili pa ayezi, ndipo ukangoti uyankhe kaye foni, umapeza wakuumira mu pipeti, kachubu kotungira timadontho. Timadontho take amatiika m'mbale, n'kutilowetsa mu incubator pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu, atathira madzi okhala ndi chakudya cha maselo ndi zokulitsa monga EGF. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ukasuzumira pa maikulosikopu umaona timipira, tina tamphako m'kati, tina tothinana ngati phava la mphesa. Ma organoid ake ndi amenewo. Alibe mitsempha ya magazi, sapanga mazira, ndipo sangabwezeredwe m'thupi la munthu.

Njira imeneyi anaitulukira Toshiro Sato ndi Hans Clevers ku Hubrecht Institute, mumzinda wa Utrecht ku Netherlands, mu 2009, ndipo anayamba ndi matumbo a mbewa. Mu 2019 gulu la komweko linafalitsa kuti lapanga magulu 56 a ma organoid kuchokera kwa amayi 32 okhudzidwa ndi khansa imeneyi.

Phindu lake lili poti timipirato timasunga khalidwe la chotupa cha mwiniwake. Ndiye ofufuza amatigawa m'timaenje tambirimbiri, n'kumayesa mankhwala a khansa: apa n'kuthira carboplatin, apa paclitaxel, apo olaparib, n'kuona kuti tikufa ndi mankhwala ati. Khansa imeneyi imakonda kumva mankhwala poyamba, kenako n'kubwerera itakhwima, ndipo chimene akufuna kumvetsa kwenikweni ndi kubwererako.

Koma pali msampha umene anthu sautchula kawirikawiri. Si zidutswa zonse zimene zimamera, ndipo nthawi zina chimene chamera bwino m'mbalemo ndi maselo abwinobwino amene anali m'mbali mwa chotupa. Munthu umasangalala mwezi wathunthu ukusamalira zinthu zoti si khansa n'komwe! Mtundu wofala kwambiri wa khansa imeneyi, wotchedwa high-grade serous, pafupifupi nthawi zonse umakhala ndi jini ya TP53 yowonongeka (jini ndi malangizo a m'selo otengera kwa makolo), choncho amathira mankhwala a Nutlin-3 amene amaletsa maselo abwino, okhala ndi TP53 yabwinobwino, kukula n'kusiya a khansa okha. Komanso m'mbale mulibe asilikali a m'thupi, ndiye mankhwala ogwira bwino m'menemo akhoza kuchita zina m'thupi la munthu. N'chifukwa chake pakali pano madokotala sasankhira wodwala mankhwala pongoyang'ana ma organoid, kupatula m'kafukufuku wapadera. Akasaina mayi, othandizika kwenikweni ndi odwala a m'tsogolo.

Kusaina n'kufuna kwawo, ndipo akakana thandizo lawo siliyenera kusintha. Asanagwire cholembera, mufunse ngati dzina lawo lichotsedwe pa kachidutswako, kuti maselowo asungidwa mpaka liti (amatha kukhala zaka zambiri owumitsidwa mu nayitrojeni pa madigiri 196 pansi pa ziro), komanso ngati angathe kusintha maganizo pambuyo pake. Funso lina musaiwale, chifukwa likukhudza inuyo ndi abale anu. Akapeza kuti jini ya BRCA1 kapena BRCA2 ndi yowonongeka, vuto limene limawonjezera chiopsezo cha khansa imeneyi, adzawauza mayi? Vuto limeneli nthawi zina limayenda m'magazi a banja, ndipo ofufuza ena sabweza zotsatira kwa wodwala, ndiye mungafunike kupempha adokotala kuti ayeze zimenezo padera.