Kulembera kalata mwana amene ali m'ndende: zimene lamulo likunena

Mayi,

Mwafotokoza kuti mwana wanu, amene anamangidwa kwanu ku Mulanje, anamusamutsira ku ndende ya Chichiri komwe ali pa rimandi, ndipo popeza malipiro a ku esiteti ya tiyi sakwanira ulendo wa ku Blantyre mwezi uliwonse, mukufunsa ngati mungamamulembere kalata. Mwafunsanso ngati mumvere anzanu amene akukuuzani kuti muzipatsira kalatayo msilikali wa ndende pamodzi ndi kangachepe.

Ufulu wolemberana naye muli nawo, ndipo sukudalira chifundo cha munthu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, likuti aliyense wosungidwa m'ndende, kaya mlandu wake unagamulidwa kapena ayi, apatsidwe njira ndi mpata wolumikizana ndi mkazi kapena mwamuna wake, achibale, mtsogoleri wachipembedzo ndi dokotala, komanso kuyenderedwa ndi anthu amenewa. Gawo lomweli likuti boma limupatse zowerengera ndi zolembera. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, mkaidi amene anasumira boma chifukwa cha mavuto a m'ndende, khoti linatsimikiza kuti munthu sasiya ufulu wake wachibadwidwe pachipata cha ndende.

Komabe ufuluwu uli ndi malire, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Akuluakulu a ndende amaloledwa kutsegula ndi kuwerenga makalata olowa ndi otuluka, ndipo akhoza kuigwira kalata imene akuiona kuti ikusokoneza chitetezo. Choncho lembani mukudziwa kuti maso oyamba kuona mawu anu sakhala a mwana wanu. Muuzeni za moyo wanu, za ana ake ndi sukulu yawo, za mvula ndi za kumunda, chifukwa nkhani zotere n'zimene zimamulimbitsa mtima munthu wotsekeredwa. Za mlandu wake musalembe ngakhale pang'ono. Mawu ooneka osalakwa ngati akuti "tinakambirana ndi mboni ija" angathe kumveka ngati kusokoneza umboni, zimene zingamulepheretse kupeza belo, inunso n'kulowa m'mavuto. Nkhani za mlandu akambirane ndi loya wake, pakuti lamulo limamulola kutero mwachinsinsi, ndipo ngati alibe loya, a Legal Aid Bureau amathandiza anthu osowa ndalama.

Pa envulopu lembani dzina lake lonse monga lilili pa mapepala a kukhoti, osati la pamudzi, ndi nambala yake ya m'ndende ngati mukuidziwa, kudzera kwa mkulu wa ndende ya Chichiri. Kumbuyo ikani dzina lanu ndi keyala yomwe angayankhireko, ngakhale ya tchalitchi kapena ya sukulu. Ndikulangizani kuitumiza ngati kalata ya rejisitala ndi kusunga lisiti ya ku positi ofesi, chifukwa ndiyo umboni wanu mukadzafuna kudandaula. M'katimo musaikemo ndalama, simu khadi kapena mankhwala. Zotere zimaperekedwa poyera ku ofesi ya ndende ngati zili zololedwa.

Malangizo a anzanuwo akaneni. Kulowetsa kalata kapena katundu m'ndende mozemba ndi mlandu, ndipo pa ziphuphu lamulo limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Kalatayo ikapezeka pa chipikisheni, woyamba kulangidwa ndi mwana wanu yemweyo. Zimandipweteka kuona makolo akulipira chinthu chimene lamulo linawapatsa kale.

Mukaona kuti yankho silikubwera, yambani mwafunsa ngati akadali ku Chichiri, poti akaidi amasamutsidwa ndipo makalata amatsalira m'mbuyo. Ngati alipo, lemberani mkulu wa ndendeyo, mutchule tsiku limene munatumiza kalata ndi nambala ya lisiti, ndipo mupemphe chifukwa chimene kalatayo sinaperekedwe. Akapanda kukuyankhani, kadandauleni kwa Ombudsman, ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, kapena ku bungwe loyendera ndende lokhazikitsidwa ndi gawo 169 la malamulo aakulu aja, lomwe limatsogoleredwa ndi jaji. Pokadandaulapo mutenge lisiti ija ndi kope ya kalata yomwe munalembera mkulu wa ndende.