Timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi ndi timene timaluma kuno

Mphwanga wandifunsa sabata yathayi kuti aloweze mawu angati a Chingerezi asanakwere ndege. Ndinangoseka. Mayeso a Chingerezi a IELTS anakhoza bwino, koma mayeso aja sakuchenjezani za timawu timene timatayitsa ndalama ndi ntchito kuno ku Britain. Ndiye nanunso amene mwangofika kumene, tamverani.

Choyamba, funso lokana. Bwana akafunsa kuti "Didn't you lock the door?", ifeyo pakamwa pamathamangira "yes", mumtima tikuti "inde, sindinakiye". Iye wamva kuti munakiya. M'Chingerezi yankho limatsata chimene chinachitika: ngati simunachite, ndi "no" basi. Ine zimenezi zinandipezetsa kalata ya chenjezo mwezi wachiwiri ndili pantchito, ati ndinanama. Sindinaname ine! Masiku ano ndimayankha chiganizo chonse, "No, I didn't." Samalaninso ndi "Would you mind...?" Mukati "yes", ndiye kuti mwakana kuthandiza.

Chachiwiri chimandiwawabe mpaka lero. "Borrow" ndi kubwereka, "lend" ndi kubwereketsa. Mnzanga wina wa kuntchito anandilirira kuti zamuthina, ndinamubwereketsa ndalama. Patapita miyezi ali zii, ndinamulembera pa WhatsApp kuti "the money I borrowed you". Munthuyo, wopanda ndi manyazi omwe, anayamba kuonetsa anzathu uthengawo: onani, akuvomera yekha kuti wobwereka ndi iyeyo. Ankadziwa bwinobwino chimene ndinkatanthauza. Ndalama zija zinapita choncho, ndipo tikakumana amandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Mukabwereketsa munthu, lembani "I lent you", kapena "you owe me", n'kutchula kuchuluka kwake.

Tsopano mapepala a ntchito. "Up to 40 hours" si lonjezo la maola 40 ayi. Ndi denga chabe, akhoza kukupatsani 12 ndipo sanalakwe. Mawu oteteza inuyo ndi "at least" kapena "guaranteed". Malipiro olembedwa "gross" ndi amene msonkho usanadulidwe, olowa m'thumba ndi "net". Akati "by Friday", chinthucho chikhale chitafika Lachisanu kapena lisanakwane, pamene "until Friday" ndi chinthu chopitirira mpaka Lachisanulo. "You mustn't" ndi kuletsa, koma "you don't have to" ndi kukuuzani kuti zili kwa inu. Ndinaonapo mayi wina akukana ovataimu imene ankaifuna, poganiza kuti amuletsa.

Chachinayi, kaya ndi chachisanu, ndi "he" ndi "she". Ife timangoti "iye", mwamuna kapena mkazi. Pocheza anthu amangomwetulira, koma ngati mukusamalira okalamba ndipo mwalemba mu lipoti kuti "he refused medication" pamene wakana mankhwala ndi agogo aakazi, mwasokoneza nkhani ya moyo wa munthu. Lembani dzina ngati mukukayika.

Za nthawi ndingodutsamo. "Half seven" ndi 7:30. Deti la 03/04 kuno ndi 3 Epulo, koma pa pepala lochokera ku America ndi 4 Malichi. "Next Friday" ngakhale eni akewo amakanganapo, choncho funsani deti lenileni. Ndipo musamanene "I'm coming" mukutuluka, munthu amangoima kukudikirani pompo. Nenani "I'll be right back."

Zosokoneza L ndi R musade nazo nkhawa kwambiri, angokufunsaninso kuti mwati chiyani. Ine zaka zonsezi lilime limaterereka ndithu, ndipo palibe anandidulapo malipiro chifukwa cha zimenezo.

Mphwangayo ndamuuza kuti kontrakiti ikafika aijambule anditumizire asanasaine. Ndikufuna ndione ndi maso anga ngati muli "up to".