Kodi ndalama zosunga kubanki zingalowe m'malo mwa inshuwalansi ya zaumoyo?

Wowerenga wina yemwe amagwira ntchito ku America watilembera kuti: "Inshuwalansi imandidyera ndalama mwezi ndi mwezi pomwe sindidwala. Bwanji ndiisiye n'kumasunga ndekha? Nanga zipatala zolipiridwa ndi misonkho, ngati za ku Britain, n'zabwino kuposa zamakampani?"

Musaisiye ayi. Ndalama zosunga zimakwanira pa zinthu zomwe mtengo wake umadziwika, monga kuonana ndi dokotala, mankhwala a shuga kapena kuzula dzino. Ngozi ya galimoto kapena khansa ndi nkhani ina. Bilu yake imatha kumeza zomwe mwasunga zaka zambiri, ndipo imabwera pomwe muli chigonere, malipiro ataima. Lamulo la ku America la EMTALA la 1986 limakakamiza zipatala kuthandiza wodwala mwakayakaya ngakhale alibe ndalama, koma silifafaniza ngongoleyo.

Sungani ndithu, koma mudziwe mlingo wake. Papepala la inshuwalansi yanu pali deductible, ndalama zomwe mumayamba mwalipira nokha kampani isanalowererepo, komanso out-of-pocket maximum, malire a zomwe mungalipire pachaka. Yesetsani kuti kubanki kukhale zofika pamalirewo. Chenjerani: nthawi zambiri malirewa sawerengera chipatala chomwe sichinagwirizane ndi kampani yanu, ndipo ambiri amagwera pamenepa.

Bilu ikabwera, pemphani yolembedwa chinthu chimodzichimodzi, chifukwa zolakwika zimapezekamo. Zipatala zosachita phindu zimayenera mwalamulo kukhala ndi ndondomeko yochepetsera ovutika bilu, choncho funsani. Osathamangira kulipira ndi kirediti kadi. Mukatero ngongole yachipatala, yomwe mukanakambirana kuti muzibweza pang'onopang'ono, imasanduka yachiwongoladzanja chokwera.

Pa funso lachiwirilo, NHS, ndondomeko ya zipatala za boma ku Britain yomwe inayamba mu 1948, silipiritsa wodwala akagonekedwa. Mtengo wake ndi misonkho komanso kudikira miyezi opaleshoni yosafulumira, ngati ya bondo. Germany, kuyambira 1883, imagwiritsa ntchito mabungwe a inshuwalansi ambiri, ndipo lero aliyense amakakamizidwa kulowa. M'maganizo athu, nkhani yagona pa kulowa kwa aliyenseko, osati pa mwini chipatala. Athanzi akatuluka m'thumba la onse, otsala ndi odwala okhaokha ndipo mtengo umakwera. N'chifukwa chake Affordable Care Act ya 2010, yomwe ndi lamulo la zaumoyo la ku America, poletsa makampani kukana anthu odwala kale, inaikanso chindapusa kwa osalowa, chomwe boma linadzachichotsa kuyambira 2019.