Leaf kapena Aqua kwa munthu wokhala ku Zomba?

Bambo wina wa ku Matawale watumiza funso pa imelo. Akuti watopa ndi kugona pamizere ya mafuta, ndiye akufuna kuitanitsa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan. Mtima wake uli pawiri: Nissan Leaf yoyendera magetsi okhaokha, kapena Toyota Aqua yomwe ili ndi injini ya petulo komanso batire. Masiku ambiri amangoyenda m'tauni momwemu, koma kawiri pa sabata amapita ku Blantyre n'kubwerako tsiku lomwelo.

Bambo, nkhani yonse yagona pa ulendo wa ku Blantyrewo. Kuchoka ku Zomba kudzera ku Thondwe ndi ku Namadzi mpaka kukafika ku Limbe ndi ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 65, kupita ndi kubwera 130, osawerengera kuzungulira m'tauni. Ma Leaf otsika mtengo omwe mukuwaona pa intaneti ambiri ndi a batire la 24 kWh, omwe anayamba kutuluka mu 2010. Batire limeneli lilibe madzi oliziziritsa, ndipo kutentha ndi kumene kumalikalambitsa msanga. Chakumanja kwa dashibodi kuli timizere 12 tosonyeza mphamvu imene batire latsala nayo pa moyo wake (musatisokoneze ndi mizere italiitali yosonyeza tchaji ya tsikulo). Kamzere koyamba kamazima batire likatsika kufika pa 85 peresenti. Galimoto ya timizere 9 ndiye kuti yatsala ndi pafupifupi 70 peresenti, ndipo pa msewu wa M3 wa ku Blantyrewu, muli pa liwiro la 80 kapena 90, ikuyendetsani makilomita 90 mwina 100. Ku Blantyre mukafika bwinobwino. Pobwerera ndi pomwe mudzaimike pambali pa msewu musanafike n'komwe ku Namadzi.

Ngati mtima uli pa Leaf basi, funani ya 40 kWh, yomwe inayamba mu 2017. Imeneyo ikakhala ndi batire labwino imayenda makilomita 200 osavuta. Musanalipire, uzani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha dashibodi galimoto ili yoyaka, komanso nambala ya SOH (peresenti yosonyeza thanzi la batire) yochokera mu LeafSpy, pulogalamu ya pafoni yomwe imawerenga batire kudzera pa kachipangizo ka OBD2 kolumikiza ku kompyuta ya galimoto. Wogulitsa akamazembazemba pa zimenezi, musiyeni.

Tsopano za kutchaja, pomwe ambiri amapsa nazo manja. Chingwe chimene chimabwera ndi Leaf ya ku Japan anachipangira magetsi a 200V ndipo chimakoka ma amp 15. Kuno ESCOM imatipatsa 230V, ndipo pulagi yathu ya mano atatu imathera pa ma amp 13. Mukadula pulagi ya ku Japan n'kulumikiza yathu, usiku woyamba zitha kuyenda, koma soketi imatentha maola ambiri motsatizana mpaka pulasitiki yozungulira mano imasanduka yofiirira n'kuyamba kusungunuka. Gulani tchaja ya 230V ya mutu wa Type 1 (umene umalowa pa Leaf ya ku Japan), yotheka kuitsitsa pa ma amp 10. Itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso akoke waya wakewake wa 2.5 mm kapena 4 mm kuchokera pa bokosi la ma breaker, aike breaker yake ndi RCD (kachipangizo kodula magetsi kuti munthu asagwidwe shoko), ayezenso waya wa earth, chifukwa tchaja zambiri zimakana kuyaka earth ikakhala yofooka. Ma extension a pamsika ayi ndithu.

Pa ma amp 10 mumalandira 2.3 kW. Ulendo wa ku Blantyre umadya mayunitsi pakati pa 22 ndi 25, kutanthauza maola 10 kapena 11 galimoto ili pa soketi. Magetsi akazima pakati pa usiku, m'mawa mupeza theka. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Ndipo ngati mukuchita lendi pa nyumba yogawana mita ndi anzanu, nkhani ya Leaf ithere pomwepa, mudzangodana ndi aneba.

Kwa maulendo anuwa, ine ndingasankhe Aqua. Siikuchotsani pamzere wa mafuta, koma ikuchepetsani maulendo opita kumeneko: imayenda makilomita 20 kapena kuposerapo pa lita, ndiye ku Blantyre ndi kubwerako ndi malita 6 kapena 7. Amakaniko oidziwa aliponso ambiri, zipangizo zake sizisowa.

Mdani wa Aqua ndi fumbi. Batire lake la 144V lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya wa m'galimoto momwemo kudzera pa timabowo tili m'munsi mwa mpandowo. Mukamayenda mumsewu wafumbi, monga wopita ku Kachulu, mawindo ali pululu, kafaniko kamadzaza fumbi ndi tsitsi. Batire limatentha, ena mwa ma module (zigawo) 20 a m'batiremo amafooka, kenako pa dashibodi pamabwera chenjezo ndipo makina oyezera amaonetsa P0A80, nambala yosonyeza kuti batire lafooka. Muzitsukitsa kafaniko miyezi 6 iliyonse, ndipo pamabowopo pasamatsamire thumba la chimanga kapena chitenje. Oilo wa injini ndi 0W-20, osati 20W-50 amene ena amathira m'galimoto iliyonse. Dziwaninso kuti galimotoyi ndi yotsika, masentimita 14 okha kuchokera pansi, choncho pa mahampu muzidutsa mopingasa mukanyamula anthu.

Popeza muli ku Zomba, tsiku lina mudzakwera ku Ku Chawe. Potsika phirilo, galimoto zonse ziwirizi zimagwiritsa ntchito mota kuchepetsa liwiro n'kumabwezera magetsi mu batire. Koma batire la Aqua silifika ndi 1 kWh yomwe, limadzaza musanatsike n'theka la phiri, ndipo likadzaza ntchito yonse imagwera mabuleki. Ikani giya pa B kuyambira pamwamba kuti injini izithandiza kugwira galimoto. Idzalira mokweza, musadabwe, ndi mmene anaipangira. Leaf nayonso imasiyira mabuleki ntchito batire likakhala lodzaza, choncho ngati mwagona kuphiriko n'kutchaja, lekezani pa 80 peresenti musanayambe kutsika.