Za nyumba ya njerwa ya ku Dushanbe ija, achemwali

Achemwali, mwafunsa ngati nyumba ya pachithunzi chanucho ndi mzikiti wakalekale umene angoukonzanso, komanso ngati kutengera mamangidwe a makolo si ulesi chabe wa akatswiri ojambula mapulani. Choyambacho n'chosavuta: si yakale ayi. Imeneyo ndi Ismaili Centre ya ku Dushanbe, likulu la dziko la Tajikistan. Mwala wa maziko unaikidwa mu 2003, nyumbayo n'kutsegulidwa mu Okutobala 2009 ndi Pulezidenti Emomali Rahmon limodzi ndi Aga Khan wachinayi, amene anali mtsogoleri wa Asilamu otchedwa Aismaili. Anajambula pulani ndi Farouk Noormohamed wa ku Vancouver. Koma zaulesizo ndiye ndikana, ndipo mundilole nditalikitseko pang'ono.

Ena m'munsimu akudabwa kuti nsanja yoitanira swala ili kuti. Palibe, ndipo sanaiiwale. Aismaili ndi nthambi ya Asilamu a Shia amene amatsata Imamu wamoyo. Pano ndi Prince Rahim, Imamu wa 50, amene analowa m'malo bambo ake, Aga Khan wachinayi uja, atamwalira mu February 2025. Malo awo opempherera amawatcha jamatkhana, ndipo mwambo wawo sulira nsanja. M'nyumba ngati ya ku Dushanbe muli chipinda chopempherera cha Aismaili okha, komanso makalasi, maofesi ndi holo ya misonkhano imene alendo a zipembedzo zina amalowamo. Ndiye taganizani vuto la wojambula pulani. Chizindikiro chija chimene aliyense amazindikirira nyumba ya Chisilamu ali patali amulanda, koma nyumbayo ikufunikabe kuoneka kuti ndi ya Asilamu, ndi ya ku Tajikistan, komanso ndi ya masiku ano. Waulesi angathawire pati pamenepo?

Noormohamed anathawira ku njerwa. Ku Bukhara, mzinda wakale wa m'dziko loyandikana nalo la Uzbekistan, kuli kanyumba ka manda a mafumu a banja la Samani, kamene kakhala zaka zoposa 1,000. Si kakakulu, mbali iliyonse ndi mamita ngati 10 basi, pamwamba pali denga lozungulira. Chodabwitsa n'chakuti amisiri ake anakongoletsa khoma ndi njerwa zomwezo zomangira. Njerwa zitatu zogona, zina zitatu zoimirira, apa zolowa m'kati, apa zotuluka pang'ono, kwina zosanjidwa ngati timikombero, mpaka khoma lonse likuoneka ngati lichero lolukidwa ndi munthu wodziwa nsungwi. Dzuwa likamasuntha mithunzi ya timipata tija imasunthanso, moti khoma la m'mawa ndi lina, la madzulo ndi lina. Kanyumbaka kanapulumuka pamene asilikali a Genghis Khan anawononga Bukhara mu 1220, ndipo ambiri amati n'chifukwa choti kanali katakwiririka ndi dothi. Anadzakafukula bwinobwino m'zaka za m'ma 1930.

Tsono kulitsani chithunzi chanucho muone khoma. Nyumba ya ku Dushanbe sinatenge maonekedwe a mandawo, ndi yaikulu kwambiri ndipo ntchito yake ndi ina. Chimene inatenga ndi kasanjidwe ka njerwa ndi masewero a mthunzi aja. Panapita njerwa pafupifupi 3 miliyoni, zofiirira motuwa ngati mchenga, ndipo mwa apo ndi apo anaikamo matailosi obiriwira mopita ku mtundu wa mtambo, okumbutsa nyumba zakale za ku Samarkand. Pakati pali mabwalo amene zipinda zimayang'anako, monga mmene masukulu akale a chipembedzo a m'chigawocho ankamangidwira. Ntchito yoteroyo silola chinyengo. Khoma lopaka pulasitala limabisa mmisiri wopindika dzanja, koma la njerwa zoonekera limamuyalutsa, mzere umodzi ukakhota aliyense wodutsa pamsewu aona.

Komanso musaganize kuti m'kati mwa makomawo ndi momwe ankamangira zaka 1,000 zapitazo. Tajikistan ndi dziko la zivomezi, Dushanbe kumatentha kwambiri m'chilimwe ndipo m'nyengo yozizira kumagwa chipale. Nyumbayo inamangidwa kuti izitha kugwedezeka osagumuka, ndipo ili ndi makina amakono otenthetsera ndi kuziziritsa zipinda. Cha makolo chili pa zimene maso amaona ndi manja amakhudza. Chonyamula nyumbayo ndi masamu a mainjiniya a lero. Ine sindiona chinyengo pamenepa, bola njerwayo ikugwiradi ntchito yotchinga dzuwa ndi kusunga kutentha, osati kungomatidwa ngati chithunzi.

Pamene ndimakhala ndi mafunso ndi apa: makolo ake a ndani? Aismaili ambiri a ku Tajikistan kwawo si ku Dushanbe, ndi ku mapiri a Pamir, m'chigawo cha Badakhshan, kumene tauni yaikulu ndi Khorog. M'nthawi ya Soviet Union ankapemphera m'nyumba zawo, ndipo nyumba ya Chipamiri payokha ndi phunziro la chipembedzo. Ili ndi nsanamira zisanu zoimira Mtumiki Muhammad, Ali, Fatima, Hasan ndi Husayn. Padenga pali chibowo cholowetsa kuwala chimene amati chorkhona, chopangidwa ndi mitanda yosanjikiza kanayi, gawo lililonse lopingasa pa linzake ndi kucheperachepera pokwera. Pomwe Bukhara ndi Samarkand lero zili ku Uzbekistan, kutali ndi mapiriwo. Koma boma la Tajikistan limatenga mfumu Ismail Samani ngati kholo la fuko. Ndalama yawo, somoni, ndi dzina lake, ndipo msewu umene nyumbayi ili ndi wa dzina lakenso. Ndiye posankha njerwa za ku Bukhara m'likulu la dziko limene Asilamu ambiri ndi a Sunni, patangopita zaka zochepa nkhondo yapachiweniweni ya 1992 mpaka 1997 itatha, kagulu kochepaka kanali kunena kuti mbiri ya fuko lonse ndi yathunso. Mmene ndikuonera, chinali chisankho chanzeru, ngakhale kuti chinaika nyumba ya kumapiri ija pambuyo. Ku Khorog anadzatsegulako jamatkhana yawoyawo mu 2018.

Ku Dubai ndiye nkhani inapita kwina. Ismaili Centre ya kumeneko, ya mu 2008, anajambula ndi Rami El Dahan ndi Soheir Farid a ku Egypt, amene anaphunzira ntchito kwa Hassan Fathy, katswiri wotchuka wa mapulani a nyumba wa ku Egypt komweko. Sanatengere nyumba zakale za ku Dubai zokhala ndi nsanja zokokera mphepo. Anapita ku Cairo, mzinda umene Maimamu a Chiismaili a banja la Fatimid anaukhazikitsa mu 969, ndipo miyala anakaitenga ku Aleppo. Ndi nyumba yokongola, madenga ake ozungulira ndi a njerwa zenizeni, koma mizu yake ili m'mbiri ya mpingo, osati m'dothi limene yaimapo. Ya ku Lisbon ya mu 1998, ya Raj Rewal, inasakaniza mabwalo okumbutsa Alhambra, nyumba yachifumu yakale ya Asilamu ku Spain, ndi miyala ya ku Portugal komweko, ndipo ambiri opempheramo ndi mabanja amene anachoka kwa aneba athu ku Mozambique m'ma 1970. Ku Toronto mu 2014 Charles Correa sanavutike n'kufuna makolo a ku Canada, anangovundikira chipinda chopempherera ndi denga lagalasi.

Mwati nkhaniyi mukuifunira ntchito ya kusukulu. Musangojambula kutsogolo kwa nyumbayo, aphunzitsi atopa nazo zimenezo. Tengani kachigawo ka khoma la ku Bukhara, mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, mujambule njerwa iliyonse, kenako muchite chimodzimodzi ndi khoma la ku Dushanbe. Muziike pafupi, mulembe mthunzi wa 9 koloko m'mawa ndi wa 4 koloko madzulo. Mukatha mudzatiponyere muno, tidzakangane bwino ngati Noormohamed anakopera kapena anaphunzira.