Kodi asipirini angateteze mtsempha wa mu ubongo kuti usaphulike?

Sabata ino ndalandira imelo imene yandikhudza. Mayi wina walemba kuti: "Amayi anga anawajambula m'mutu chifukwa cha chizungulire, ndiye anapeza kathumba ka mamilimita 4 pa mtsempha wa magazi wa mu ubongo. Adokotala ati tizingokayang'anira. Ndamva kuti timatumbati timaphulika chifukwa cha kutukusira. Kodi ndiwagulire Brufen kapena asipirini kuti azimwa tsiku lililonse?"

Achemwali, ndayamba ndi yankho kuti mtima ukhale m'malo: musawagulire kaye. Brufen ndiye ayi ndithu. Nkhani ya asipirini ili ndi mutu wake, koma woyenera kugamula ndi dokotala amene waona chithunzicho.

Kathumba kameneka madokotala amakatcha aneurysm. Khoma la mtsempha limafooka pamalo amodzi, makamaka pamphanda pomwe mtsempha wagawikana, kenako magazi akamagunda pamenepo tsiku ndi tsiku, khomalo limafufuma ngati chubu cha njinga chomwe chapyapyala mbali imodzi. Pafupifupi anthu akuluakulu atatu pa 100 aliwonse ali nako, ndipo ambiri amakalamba mpaka kumwalira ndi matenda ena osadziwa n'komwe. Nambala imeneyi muwauze amayi, chifukwa mantha okha amatha kumusowetsa munthu tulo.

Zomwe mwamva zokhudza kutukusira n'zoona. Akatswiri atayeza makoma a timatumba tomwe tinachotsedwa pa opaleshoni, anapezamo asilikali a m'thupi otchedwa ma macrophage, ochuluka kwambiri m'timatumba tomwe tinali titaphulika. Asilikaliwa amabwera kudzakonza pomwe pawonongeka, koma akakhalitsa amatulutsa timadzi tomwe timadya ulusi wolimbitsa khomalo. Wobwera kudzamata mng'alu amasanduka chiswe. Ena mwa mauthenga omwe amawaitana amadutsira pa enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito zina za m'thupi) yotchedwa COX-2, ndipo asipirini amaifooketsa. Apa m'pomwe panachokera chiyembekezo.

Dokotala wina wa opaleshoni ya ubongo, David Hasan, yemwe pa nthawiyo anali ku University of Iowa, anafalitsa zotsatira mu 2011 zosonyeza kuti odwala omwe ankamwa asipirini katatu pa sabata kapena kuposa apo sankaphulikiridwa kwambiri poyerekeza ndi omwe sankamwa. Mu 2013 gulu lake linapatsa odwala ena mamiligalamu 81 a asipirini patsiku kwa miyezi itatu, ndipo zithunzi za makina ojambulira m'kati mwa thupi otchedwa MRI zinaonetsa kuti kutukusira m'khoma kwachepa. Koma taonani: kafukufuku wachiwiriyu anali wa anthu 11 okha. Woyambayo anangoyang'ana m'mbuyo zomwe anthu ankachita kale, ndipo munthu womwa asipirini mokhulupirika nthawi zambiri amakhalanso wopita kuchipatala pafupipafupi ndi woyezetsa BP. Ndiye chinamuteteza n'chiti? N'chifukwa chake mu 2017 madokotala a ku Germany ndi ku Netherlands anayambitsa kafukufuku wamkulu wotchedwa PROTECT-U, wopatsa odwala mamiligalamu 100 patsiku pamodzi ndi kutsitsa BP kuti nambala yapamwamba isafike 120. Onani kuti ngakhale iwowa sanadalire piritsi lokha.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti mawu oti "mankhwala ochepetsa kutupa" amaika zinthu zosiyana m'dengu limodzi. Ibuprofen, yemwe ndi Brufen uja, komanso diclofenac, akamwedwa nthawi yaitali amakweza BP, amavutitsa impso, ndipo amakanda m'mimba mpaka zilonda. Kwa munthu wokhala ndi kathumba mu ubongo, BP yokwera ndi mdani weniweni. Komanso ibuprofen amatha kutsekereza ntchito ya asipirini pa magazi ngati zamwedwa pamodzi. Asipirini nayenso si maswiti. Amachedwetsa kuundana kwa magazi, choncho angayambitse kutaya magazi m'mimba, makamaka kwa okalamba, kwa amene anadwalapo zilonda za m'mimba, kapena amene akumwa kale mankhwala oletsa magazi kuundana otchedwa warfarin.

Ineyo ndikanakhala inu, mphamvu zanga ndikanaika pa zinthu ziwiri zomwe palibe amatsutsa. Ngati amayi amasuta fodya, asiye, pakuti utsi wake umakolezera kutukusira komwe mukuopako. Ndipo BP aziyeza kawirikawiri, mukulemba manambala m'kabuku, mankhwala ake osadumphitsa ngakhale tsiku lomwe akumva bwino. Kathumba kosafika mamilimita 7 nthawi zambiri chiopsezo chake chimakhala chochepa, ngakhale malo ake ndi kaumbidwe kake zimawerengedwanso. Tsiku lokajambulitsanso asaliphonye, chifukwa kathumba kakayamba kukula, dokotala angaganize zokapana ndi kachitsulo kapena kukatseka ndi timawaya todutsira mu mtsempha.

Popita kukaonana ndi adokotala, tengani mapaketi a mankhwala onse omwe amayi amamwa, ngakhale a ululu wa mawondo ngati alipo, ndipo funsani mosapita m'mbali ngati asipirini angawayenere. Muwauzenso ngati pa abale anu alipo amene anadwalapo matenda omwewa.

Aliyense wokhala nawo pakhomo adziwenso ichi: mutu ukawagwira mwadzidzidzi, kupweteka koti sanakumvepo chibadwire, mwina ndi kusanza, khosi kuuma, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kukomoka, musawapatse asipirini kapena kudikira kuti kuche. Thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukangofika nenani kuti ali ndi aneurysm mu ubongo.